Lamulo la ukwati wa ana: n'chifukwa chiyani aphungu analivomereza kawiri?

Funso: Ndine mmodzi mwa amayi a m'gulu loyang'anira atsikana pasukulu ya pulaimale ya kwathu m'boma la Dedza. M'chaka cha 2015 tinamva pa wailesi kuti aphungu akhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa ana osakwana zaka 18, ndipo tinasangalala kwambiri. Koma m'chaka cha 2017 tinamvanso kuti aphungu omwewo avomereza nkhani yomweyo. Kodi loyamba lija silinali lamulo? Nanga Nyumba ya Malamulo ndi chiyani kwenikweni, ndipo amene amapanga lamulo ndani pakati pa aphungu ndi Pulezidenti? Malamulo amene amfumu athu anakhazikitsa m'mudzi muno nawonso ndi malamulo a dziko?

Yankho: Mayi, lamulo la 2015 lija linali lamulo lenileni, ndipo simunalakwitse kusangalala nalo. Vuto linali lakuti pamwamba pake panali lamulo lina lalikulu kuposa ilo limene linkanena zosiyana, choncho aphungu anayenera kubwereranso kukakonza lalikululo. Kuti zimenezi zimveke bwino, ndiyamba ndafotokoza chimene Nyumba ya Malamulo ili, kenako titsatire limodzi njira imene ganizo limadutsa kufikira litasanduka lamulo loti khoti n'kuligwiritsa ntchito.

Mphamvu za boma lathu zinagawidwa patatu, ngati mafuwa amene amagwira mphika umodzi. Pali Pulezidenti ndi nduna zake, amene ntchito yawo ndi kuyendetsa boma tsiku ndi tsiku. Pali makhoti, amene amamasulira malamulo ndi kuweruza milandu. Ndipo pali Nyumba ya Malamulo, imene inapatsidwa mphamvu zopanga malamulo, kuwasintha ndi kuwafafaniza, kuloleza boma kutolera misonkho ndi kugwiritsa ntchito ndalama, komanso kufunsa nduna mmene zikugwirira ntchito. Kugawa kumeneku kunalembedwa m'malamulo aakulu a dziko amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994, omwe ena amawatchula kuti konsitityushoni. Gawo 49 la malamulo aakuluwa limayankha funso lanu lachiwiri mosapita m'mbali: limanena kuti Nyumba ya Malamulo ndi msonkhano wa aphungu pamodzi ndi Pulezidenti monga mtsogoleri wa dziko. Aphungu ndiwo amakambirana ndi kuvota, Pulezidenti savota nawo, koma lamulo silibadwa popanda dzanja lake.

Phungu aliyense amaimira dera limodzi ndipo amasankhidwa pa zaka zisanu zilizonse. Pa chisankho cha 1994 panali madera 177, kuyambira 1999 anakhala 193, ndipo pa chisankho cha mu Sepitembala 2025 anafika 229. Ife tili ndi nyumba imodzi yokha, monganso anzathu a ku Zambia, pamene maiko monga Britain, South Africa, Zimbabwe ndi America ali ndi nyumba ziwiri, ndipo kumeneko mabilu ambiri, omwe ndi malamulo ongoganiziridwa amene sanavomerezedwe, amadutsa konsekonse asanakhale lamulo. Anthu ambiri sadziwa kuti amene analemba malamulo athu aakulu anaikamo nyumba yachiwiri yotchedwa Seneti, ya anthu 80, momwe mukanakhala mafumu, oimira maboma, ndi oimira magulu monga amayi, anthu olumala, alimi ndi a zipembedzo. Nyumbayo sinakhazikitsidwe n'komwe, ndipo aphungu anaifafaniza mu 2001. Ndikutchula zimenezi chifukwa zikutanthauza kuti kuno kwathu bilu ikalakwika m'manja mwa aphungu, palibe nyumba ina yoti n'kuiwerenganso ndi maso atsopano.

Nyumba imeneyi sinayambe ili ya eni dziko. Atsamunda anakhazikitsa bungwe lopanga malamulo a Nyasaland mu 1907, linkakumana ku Zomba, ndipo kwa zaka zoposa 40 munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi; ankatiyankhulira anali mzungu wa mishoni. Anthu akuda oyamba analowamo mu 1949, mochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa, ndipo mu 1956 ndi pamene munalowa anthu monga a Henry Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume amene anayamba kufunsa atsamunda mafunso owawa. Titalandira ufulu mu 1964, Nyumbayi inakhala ya chipani chimodzi kwa zaka pafupifupi 30, ndipo ndiyo inavomereza kuti Dr Kamuzu Banda akhale Pulezidenti wamuyaya. Mbiri imeneyi ndiyo inachititsa kuti riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa, olemba malamulo atsopano aikemo zipata zambiri zoti bilu izidutsamo. Kuchedwa kumene kumatitopetsa lero, kwina kunaikidwa dala ndi anthu amene anaona zimene zimachitika lamulo likamadutsa mosafunsidwa mafunso.

Tsopano tiyeni tione kumene lamulo limachokera. Lisanavomerezedwe silitchedwa lamulo, limatchedwa bilu, ndipo mabilu ochuluka zedi sayambira kwa aphungu koma ku boma. Unduna umaona vuto, umakonza mfundo, akatswiri olemba malamulo ku Unduna wa Zachilungamo amaziika m'chiyankhulo cha malamulo, nduna zonse zimakambirana ndi kuvomereza, ndipo nduna yokhudzidwayo ndiyo imapita nayo biluyo ku Nyumba ya Malamulo. Palinso bungwe lounika malamulo, limene malamulo aakulu analikhazikitsa kuti lizifufuza malamulo akale ndi osemphana n'kupereka maganizo a mmene angakonzedwere. Lamulo lanu la ukwati linachokera kumeneko. Bungweli linayenda m'dziko muno kumva maganizo a anthu, linatulutsa lipoti lake mu 2006, ndipo aphungu anadzavomereza biluyo mu Febuluwale 2015. Zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa pakatipo, ndipo zambiri mwa zakazo biluyo sinali m'manja mwa aphungu, inali m'maofesi a boma. Tikamadandaula kuti Nyumba ya Malamulo ikuchedwetsa lamulo, ndi bwino kuyamba tafunsa ngati biluyo yafikako kale.

Phungu wamba, amene si nduna, nayenso ali ndi ufulu wobweretsa bilu yake, ndipo tsiku Lachinayi linapatulidwa kuti aphungu otere azibweretsa nkhani zawo. Komabe njira yake ndi yopapatiza. Ayenera kupempha kaye chilolezo cha Nyumba yonse, alibe gulu la akatswiri omulembera monga ilili nduna, ndipo gawo 57 la malamulo aakulu limaletsa Nyumbayi kukambirana bilu yokhazikitsa msonkho kapena yotulutsa ndalama m'thumba la boma popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya zachuma. Choncho phungu amene pamsonkhano wokopa anthu amalonjeza kuti iye yekha akakhazikitsa lamulo logawa ndalama kwa wina aliyense akulonjeza chinthu chimene malamulo samulola. Zimene phungu wamba angathe n'kuyambitsa nkhani ndi kuikakamira. A Boniface Kadzamira, amene panthawiyo anali phungu wa ku Ntchisi, atayambitsa mu 2015 nkhani yololeza ulimi wa chamba cha m'mafakitale, anzawo ambiri anawaseka, koma nkhaniyo sinafe, boma linadzaitenga, ndipo mu 2020 inakhala lamulo.

Bilu ikakonzedwa imasindikizidwa m'nyuzipepala ya boma yotchedwa Gazette, ndipo malamulo oyendetsera zokambirana za Nyumbayi amafuna kuti padutse masiku 28 isanayambe kukambidwa. Masiku amenewa ndi anu, Mayi, ndi a mabungwe, a mipingo, a atolankhani ndi a aphungu eni ake, kuti awerenge ndi kufunsa. Nyumba ili ndi mphamvu yochotsa masikuwa ngati nkhani ili yachangu, ndipo nthawi zina mpofunikadi, koma ine ndimada nkhawa kwambiri ndikamva kuti achotsedwa pa bilu yaikulu, chifukwa phungu amene walandira chikalata cha masamba ambirimbiri dzulo sangakhale atachiwerenga lero, ndipo adzavota potsatira zimene chipani chamuuza.

Ndakhalapo kangapo pamalo a alendo m'nyumba ya ku Lilongwe ija, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kutsegulidwa mu 2010, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni zimene munthu amaona. Belu likalira aphungu amalowa, a mbali ya boma kudzanja lamanja la mpando wa Sipikala, otsutsa boma kumanzere. Onse amaimirira pamene Sipikala akulowa, patsogolo pake pakuyenda msilikali wa Nyumbayi atasenza paphewa ndodo yaulemu, ndipo ndodoyo ikaikidwa patebulo ndiye kuti zokambirana zayamba. Phungu aliyense amakhala ndi pepala la ndondomeko ya tsikulo, limene limakonzedwa ndi komiti ya atsogoleri a zipani motsogozedwa ndi Sipikala. Komiti imeneyi simveka kawirikawiri pa wailesi, koma ili ndi mphamvu zambiri, pakuti bilu imene sinaikidwe pa pepalalo sikambidwa.

Bilu imawerengedwa katatu, ngakhale kuti mawu akuti kuwerenga ndi osokoneza pang'ono, chifukwa palibe amene amaiwerenga yonse mokweza. Kuwerenga koyamba n'kongoidziwitsa ku Nyumba: amatchula mutu wake, ndipo sipakhala mtsutso. Apa bilu ingathe kutumizidwa ku komiti ya aphungu ochepa yoona za nkhaniyo, monga komiti ya zamalamulo, ya zaumoyo kapena ya zaulimi, kuti ikaiunike mofatsa, iitane akatswiri ndi anthu okhudzidwa, n'kubwera ndi lipoti. Kuwerenga kwachiwiri ndiko kumene mumamva pa wailesi. Nduna imafotokoza cholinga cha biluyo, oyankhulira zipani zotsutsa amayankha, komiti imapereka lipoti lake, aphungu ena amathirapo ndemanga, ndipo funso limene limayankhidwa ndi limodzi lokha: kodi Nyumba ikugwirizana ndi ganizo lalikulu la biluyi kapena ayi?

Gawo lotsatira ndilo lofunika kuposa onse, ngakhale kuti ndi limene anthu ambiri amazimitsa wailesi. Sipikala amachoka pampando wake, Nyumba yonse imasanduka komiti, wachiwiri wake amatsogolera monga wapampando, ndipo bilu imatengedwa ndime imodziimodzi. Mlembi amatchula nambala ya ndime, wapampando amafunsa ngati ndimeyo ikhale mbali ya bilu, ndipo phungu amene ali ndi chosintha amaimirira n'kunena kuti mawu akutiakuti achotsedwe, m'malo mwake mulowe akuti. Zimaoneka zotopetsa, koma taganizirani kusiyana kwa ndime yonena kuti nduna iyenera kumanga malo osungirako ana othawa nkhanza ndi ndime yonena kuti nduna ingathe kumanga malowo. Liwu limodzi lokha lasintha, koma yoyambayo mungathe kupita nayo kukhoti ngati nduna sinachite, pamene yachiwiriyo nduna ingakuyankheni kuti sinakakamizidwe. Zaka zimene munthu amatchedwa mwana, kukula kwa chindapusa, amene ali ndi mphamvu yomanga ndi amene alibe, zonsezi zimamangidwa pa nthawi imeneyi. Phungu amene amakhala m'Nyumba pa gawo limeneli, biluyo ili m'manja ndipo wailemba m'mphepete, akugwira ntchito yeniyeni imene munamutuma, ngakhale dzina lake lisamveke pa nkhani za madzulo.

Komiti ikamaliza, Sipikala amabwerera pampando, amauzidwa zimene zasinthidwa, ndipo bilu imawerengedwa kachitatu n'kuvomerezedwa. Kawirikawiri kuvota kumachitika ndi mawu: ovomereza amafuula pamodzi, okana nawonso, ndipo Sipikala amagamula mbali imene yamveka kwambiri. Aphungu akatsutsa chigamulocho, maina amaitanidwa mmodzimmodzi, aliyense n'kunena poyera mbali imene ali. Pa bilu wamba pamangofunika kuti ovomereza achuluke pakati pa aphungu amene alipo ndipo avota, malinga ngati pamene zokambirana zinkayamba munali aphungu oposa theka. Zonse zimene zayankhulidwa zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, limene munthu aliyense ali ndi ufulu woliwerenga.

Pamenepa ndi pamene wailesi imalengeza kuti aphungu avomereza, koma bilu ikadali bilu. Imapita kwa Pulezidenti, ndipo gawo 73 la malamulo aakulu limamupatsa masiku 21 kuti asaine kapena akane. Akakana ayenera kuibweza kwa Sipikala pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo aphungu saloledwa kuikambirananso mpaka patadutsa masiku ena 21. Akaivomerezanso m'miyezi itatu yotsatira, imabwerera kwa Pulezidenti, ndipo ulendo uno malamulo amamulamula kuti asaine pasanathe masiku 21. Tinaziona zokana kusaina mu Malichi 2020, pamene Pulezidenti Peter Mutharika anabweza mabilu okhudza chisankho amene aphungu anavomereza khoti litafafaniza zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha 2019. Choncho Pulezidenti angathe kuchedwetsa bilu ndi kukakamiza aphungu kuti aganizenso, koma aphungu akalimbikira, mawu omaliza ndi awo.

Ngakhale kusaina sikumaliza nkhani. Lamulo siligwira ntchito lisanasindikizidwe mu Gazette, ndipo malamulo ambiri amakhala ndi ndime yonena kuti adzayamba kugwira ntchito pa tsiku limene nduna idzalengeze. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ndi zikalata m'maofesi a boma linavomerezedwa ndi aphungu mu Disembala 2016, linasainidwa mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Kwa zaka zoposa zitatu linalipo papepala koma munthu sakanatha kuligwiritsa ntchito, chifukwa nduna inali isanatchule tsiku. Malamulo ambiri amafunanso timalamulo ting'onoting'ono tofotokoza mafomu, mitengo ndi njira zotsatira, timene nduna imalemba ndi mphamvu yobwereka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo timayenera kukaonetsedwa kwa aphungu.

Tsopano tafika pa funso lanu lenileni. Gawo 5 la malamulo aakulu limanena kuti lamulo lililonse losemphana ndi malamulo aakuluwo lilibe mphamvu pa mbali imene lasemphanayo. Lamulo la maukwati la 2015 linanena kuti munthu angalowe m'banja akakwanitsa zaka 18. Koma gawo 22 la malamulo aakulu linkalola munthu wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kukwatira kapena kukwatiwa ngati makolo kapena omulera avomereza, ndipo gawo 23 linkati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16. Bambo amene akanakwatitsa mwana wake wa zaka 16 akanatha kuima pamaso pa woweruza n'kunena kuti lamulo lalikulu likumuloleza, ndipo lamulo la 2015 silikanatha kuligonjetsa. Mpata umenewu ndi umene mabungwe oona za ana, mafumu ena ndi atsikana eni ake anapitiriza kuudandaula kwa zaka ziwiri, kufikira mu Febuluwale 2017 pamene aphungu anasintha malamulo aakuluwo, kuchotsa chilolezo cha makolo chija ndi kunena kuti mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18.

Kusintha malamulo aakulu n'kovuta kuposa kupanga lamulo wamba, ndipo kunapangidwa kovuta mwadala. Pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, osati a okhawo amene abwera tsikulo, kotero phungu amene wajomba amakhala ngati wakana. M'Nyumba ya aphungu 193 pankafunika 129, ndipo bilu ya 2017 inapeza mavoti 131, okana anali awiri okha. Aphungu atatu okha mwa ovomerezawo akanakhala kuti ali kumaliro kapena kumudzi tsiku limenelo, biluyo ikanagwa ngakhale kuti pafupifupi aliyense ankagwirizana nayo. M'Nyumba ya aphungu 229 nambalayo ndi 153. Palinso magawo ena, makamaka okhudza ufulu wachibadwidwe, amene kuwasintha kwenikweni kumafuna riferendamu, pokhapokha ngati kusinthako sikukukhudza mtima wa malamulo aakuluwo. Chipata chimenechi chinatithandizapo. Mu Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi imene Pulezidenti angalamulire, imene ikanalola Dr Bakili Muluzi kuimanso, inapeza mavoti 125 ndipo okana anali ochepa kuposa pamenepo, komabe inagwa chifukwa sinafike pa magawo awiri mwa atatu.

Kusintha kwa 2017 sikunamalize ntchito yonse, chifukwa malamulo ena akale, monga la 2010 loona za chisamaliro ndi chitetezo cha ana, analembedwa potengera zaka 16, ndipo anayenera kuunikidwanso kuti agwirizane ndi lamulo lalikulu. Malamulo a dziko amalumikizana ngati nsungwi za dengu, moti ukasolola imodzi uyenera kuyang'ana zonse zoyandikana nayo.

Amene amagamula kuti lamulo lasemphana ndi malamulo aakulu ndi makhoti, osati aphungu. Mukukumbukira lamulo la vakabu, limene apolisi ankamangira munthu chifukwa chongopezeka akuyenda pa nthawi kapena pamalo pamene iwo akumukayikira. Linali m'buku la milandu kuyambira nthawi ya atsamunda, koma mu Januwale 2017 Bwalo Lalikulu linagamula, pa mlandu wa bambo wina wogulitsa malonda amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku ntchito yake, kuti ndime imeneyo ikuphwanya ufulu wa anthu. Nawonso aphungu a lero samangidwa ndi zimene anachita a dzulo. Mu 2010 Nyumba inavomereza kusintha mbendera ya dziko, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, ndipo mu 2012 Nyumba yomweyo inabwezeretsa mbendera yakale. Zimenezi zikutanthauza kuti lamulo loipa lingathe kufafanizidwa, komanso kuti lamulo labwino liyenera kulondedwa.

Pali lamulo limodzi limene aphungu amapanga chaka ndi chaka, ndipo ndilo limapatsa malamulo ena onse miyendo: bajeti. Boma silingatulutse ndalama m'thumba lake popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Nduna ya zachuma ikapereka ndondomeko yake, aphungu amagawana m'magulu kukaunika ndalama za unduna uliwonse, kenako amazivomereza unduna umodziumodzi, ndipo kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu moti mu 2007, pamene otsutsa boma anali ochuluka m'Nyumba ndipo ankafuna kuti Sipikala ayambe wachotsa aphungu amene anasintha chipani motsatira gawo 65 la malamulo aakulu, bajeti imene inayenera kuyamba mu Julayi inavomerezedwa mu Sepitembala. Kwa inu nkhani ya bajeti ndi yapafupi kwambiri. Lamulo linganene kuti mwana wa zaka 16 asakwatiwe, koma ngati ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma ilibe mafuta a njinga yamoto yoti mlangizi afikire m'mudzi mwanu, ndipo mtsikana amene mwamuchotsa ku banja alibe ndalama zogulira zofunika ku sekondale, lamulolo limathera pa pepala. Ndalama zimenezo zimavomerezedwa ndi aphungu omwewo.

Za malamulo a amfumu, yankho ndi lakuti si malamulo a dziko, ngakhale kuti ndi a mtengo wapatali. Makhonsolo ali ndi mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo pansi pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ndipo amenewo akavomerezedwa ndi nduna amakhala ndi mphamvu kukhoti. Amene mudzi wagwirizana pabwalo la amfumu, monga chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa kholo lokwatitsa mwana, mphamvu yawo imachokera ku mgwirizano wa anthu ndi ulemu umene amfumu ali nawo. Kwanu ku Dedza malemu a Inkosi Kachindamoto anatchuka mpaka kunja kwa dziko chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo anafika kumene wapolisi sakanafika. Koma malamulo a m'mudzi sangapitirire malire a malamulo a dziko. Amfumu alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende, sangalange mtsikana amene watenga mimba pomuletsa kubwerera kusukulu, ndipo mlandu wa munthu wamkulu wogona ndi mwana suthera pa mbuzi. Ndi wa polisi ndi khoti, ngakhale mabanja awiriwo atagwirizana kuti zithere pakhomo.

Chinthu chimodzi chimandipweteka mtima pa nkhani yonseyi. Zokambirana za Nyumba ya Malamulo zimachitika m'Chingerezi, mabilu amalembedwa m'Chingerezi, ndipo gawo 51 limafuna kuti munthu wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Malamulo aakulu amalola Nyumba kuonjezera ziyankhulo zina ngati itafuna, koma mpaka lero mayi ngati inu, amene mumadziwa bwino kuposa nduna iliyonse chimene chimachititsa mtsikana wa sitandade 7 kusiya sukulu, simungatsatire nokha mtsutso wokhudza mtsikanayo. Kutalikirana kumeneku ndiko kwachititsa kuti ambiri tizimuyesa phungu ndi mabokosi a maliro, mayunifolomu a timu ya mpira ndi galimoto yonyamula odwala, mmalo momuyesa ndi ntchito imene iye yekha m'dera lonselo ndiye angaigwire. Mlatho angamange ndi khonsolo, koma kuimirira pa ndime ya bilu n'kunena kuti mawu awa asinthidwe, palibe wina m'dera lanu amene malamulo amamulola kupatula phunguyo.

Gulu lanu lili ndi khomo lolowera, ndipo silifuna loya. Mungathe kulemba kalata m'Chichewa yopita kwa wapampando wa komiti ya aphungu yoona za chisamaliro cha anthu, kapena kwa gulu la aphungu aakazi, kudzera kwa mlembi wamkulu wa Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Mungathenso kusainira pamodzi chikalata cha madandaulo n'kupempha phungu wanu kuti akachipereke m'Nyumba, kapena kumupempha kuti akafunse nduna funso, pakuti nduna imayenera kuyankha poyera ndipo yankholo limalembedwa mu Hansard. Polemba, musangonena kuti maukwati a ana achuluka. Tengani kaundula wa pasukulu panu, muwerenge atsikana amene anasiya sukulu chaka chatha popanda kutchula maina awo, munene angati anabwerera, angati analephera chifukwa chosowa ndalama, ndi kuti mlangizi wochokera kuboma anafika kangati. Mutumize kalatayo kumayambiriro kwa chaka, nduna ya zachuma isanapereke bajeti, pamene magulu a aphungu akukonzekera kuunika ndalama za unduna woona za amayi ndi ana, ndipo musunge kope lake kuti phungu akadzabwera kudzachititsa msonkhano mudzamufunse chimene anayankhidwa.